Malasha a Miyala a Apongozi Anga

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si wolemba mabuku ayi. Ndine mphunzitsi wa masamu, dzina langa ndine Kondwelani, ndipo zimene dzanja langa linazolowera ndi choko ndi makalata opempha tchuthi. Nkhani iyi ndailemba katatu, kawiri ndinang'amba. Choopsa kwambiri ndi chakuti ndikulemba za apongozi anga aamuna, munthu amene mwa mwambo wathu sindiyenera kumuyang'anitsitsa kumaso, nanji kumuika pa pepala. Ndinapita kukapempha chilolezo. Anaganiza pang'ono nati, "Lembani, koma malasha muwalembe bwino. Ni a miyala, si a mitengo." Choncho ndiyambire pomwepo kuti ndisawakhumudwitse.

Kuno ku Chongwe tikati malasha timanena aja ootcha ku mitengo, amene amadutsa pa msewu waukulu wopita ku Lusaka atamangidwa pa njinga matumba anayianayi. Malasha a m'nkhani ino ndi ena. Amakumbidwa pansi, kummwera kwa dziko lino. Ndi olemera, onyezimira ngati nsapato ya wapolisi, ndipo ukagwetsa limodzi pa simenti limalira ngati mwala. Anthu ambiri kuno sanawaonepo. Apongozi anga anakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Dzina lawo ndi a Lyford Daka. Anabadwira ku Katete, nabwera ku Lusaka ali mnyamata. Chaka chenicheni ndafunsa kawiri: iwo akuti 1981, akazi awo a Nelesi akuti 1983. Sindinafune kusankha mbali. Anapeza ntchito pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ndi kupanga sopo. Anayamba ndi kukankha wilibala ya malasha, kenaka anakwezedwa kukhala wosonkhezera moto mu boyila, chimgolo chachikulu chija chimene chimawiritsa madzi kuti nthunzi iyendetse makina. Ntchito imeneyi inawadyera nsidze. Mpaka lero zilipo zowerengeka. Inawasiyiranso mawu okweza, poti ku boyila munthu salankhula, amafuula. Akamapemphera pa chakudya, a nyumba yachitatu amayankha amen.

Chinthu chimodzi amanena pa ukwati uliwonse, pa maliro alionse, ngakhale tsiku lija ndinkakambirana nawo za malowolo a mwana wawo Ednah: "Pa shifiti yanga moto sunazimepo." Ndi zoona. Anzawo a ku ntchito amavomereza. Akuti ankadziwa moto ndi khutu. Akamva kulira kwake kwasintha, fosholo ili kale m'manja. Koma kunyumba kwawo ku komboni, a Nelesi anawaletsa kukhudza mbaula. Akuti ankayamba ndi kusankha malasha, akuluakulu mbali iyi, ang'onoang'ono mbali iyo, kuwayala mosanja ngati njerwa, ana akulira njala.

Atapuma pa ntchito, ana awo anagwirizana kuwamangira nyumba pa puloti ya ku Silverest. Woyang'anira ntchito anasankha ine, chifukwa ndimakhala pafupi, ku Chalimbana, komanso chifukwa banja lonse limandidziwa ngati munthu amene amawerenga kapepala ka mankhwala mbali zonse ziwiri asanameze. Ndinanyadira udindowo. Ndinkayeza ndi tepi ngakhale pamene mmisiri wayeza kale.

Pulani ya nyumba tinatengera kwa munthu wina wa m'dera lomwelo, amenenso anatengera kwa wina. Pabalaza panali malo osonkhapo moto, khonde laling'ono lolowa m'khoma, ndi chumuni chokwera mpaka kubooleza denga. Nyumba zambiri za ku Silverest zili nazo zimenezi. Mukamadutsa pa minibasi mumaona machumuni ali ndandanda, koma simudzaona utsi ukutuluka mwa chimodzi.

Titafika pamwamba, mmisiri wathu a Gilbert ananditengera pambali.

"Bosi, ichi chumuni nichitseke pamwamba?"

"Kutseka? Nanga utsi?"

Anaseka mpaka kutsamira khoma. "Utsi wa chani? Kuno kulibe amene amayatsa. Ni sitayilo chabe. Ena amaikamo maluwa, ena masipika. Tikasiya chotsegula, mvula izalowa, mileme izalowa, na kadzidzi azabwera kuzagona. Mufuna kadzidzi azilira pa nyumba ya apongozi anu?"

Sindinafune. Ndinaganiza usiku... ayi, ndinene zoona, sindinaganize nthawi yaitali. Kadzidziyo ndi amene anandigonjetsa. A Gilbert anathira konkire pamwamba pa chumuni, wokhuthala ngati chikhato, ndipo ine, posafuna kuti madzi adzadonthe, ndinawauza kuti aonjezemo waya ndi thumba lina la simenti. Sindinauze munthu aliyense, poti sindinaone ngati ndi nkhani. A Nelesi atalowa m'nyumba yawo anaika m'khondemo maluwa a pulasitiki ndi chithunzi cha ukwati wa mwana wawo woyamba, Cecilia. Zaka zitatu zinadutsa mwamtendere.

Kenaka kunabwera chaka cha chilala chija, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba. Malaiti ankabwera ngati mlendo wothamangira basi: moni, moni, wapita. Ndipo Juni wa chaka chimenecho anali wolusa. Silverest ndi pamtetete, mitengo tinadula kale, mphepo imayenda mmene ifunira. Nyumba ya apongozi ili ndi matailosi ponseponse ndi mawindo akuluakulu. Tinamanga kuti ikongole, sitinaganize za chisanu. Inkazizira ngati firiji ya ku bucha.

A Nelesi ali ndi nyamakazi ya m'mawondo. M'mawa ankatenga nthawi yaitali kuti aimirire, ndipo tsiku lina ndinawapeza atakhala padzuwa kuseri kwa khola la nkhuku, atafunda bulangeti, misozi ili m'maso koma akukana kuti sakulira. Hita ya malaiti imene anali nayo inangokhala chokongoletsa. Ednah anawagulira ina ya gasi. Gasi anatha m'masiku asanu ndi atatu, ndipo masiku onsewo a Nelesi ankaiyang'ana ngati njoka. Madzulo aliwonse ankalamula kuti silinda ikagone panja. Mbaula m'nyumba yotseka a Daka anakana kotheratu. "Iyo imapha mwakachetechete," anatero. "Sininakulire mu utsi kuti nizafere mu utsi."

Apa ndi pomwe Cecilia, amene ndi namwino ku Luangwa, anaimba foni. Ku Luangwa kumatentha ngakhale mu Juni. Anati amai apite akakhale naye mpaka Seputembala. A Nelesi anavomera nthawi yomweyo nayamba kulongedza.

A Daka sakanatha kutsagana nawo. Panali nkhuku, dimba, ndi nyumba yosasiyika yokha. Ndipo ndinene chinthu chimene iwo sananene. Anthu awiriwa akhala m'banja zaka zoposa makumi anayi, ndipo sanasiyanepo kupitirira masiku a maliro. Miyezi itatu kwa a Daka inali ngati kuwadula mwendo. Koma munthu wa msinkhu wawo sanena zotero. Chimene ananena ndi ichi: "Nanga magalasi anga azanipezera ndani?"

"Muzawamangirira chingwe," anayankha a Nelesi.

"Nipatseni masabata awiri, amake Cecilia. Nyumba iyi nizaitenthetsa. Ikapanda kutentha, nizakuperekezani nekha ku basi."

"Lolemba la sabata yachiwiri nikwera," anatero a Nelesi. "Chikwama sinimasula."

Patapita masiku anayi, galimoto ya kanta inaima pa geti nitsitsa matumba asanu. A Daka anali atapita okha ku Lusaka, ku yadi ina kumene amagulitsa malasha a miyala kwa alimi a fodya. Loweruka limenelo ine ndi Ednah tinapita kukawaona. Nditalowa pabalaza ndinapeza maluwa a pulasitiki ali pa tebulo, chithunzi cha Cecilia chili pa kabati, ndipo m'khonde muja muli chitsulo chatsopano cha mipatamipata, chowotcheredwa ku msika wa ku Chongwe. Apongozi anga anali atagwada akupukuta njerwa ndi kansalu, akuimba nyimbo ya ku tchalitchi. Ndinali ndisanawaonepo osangalala chotero chipumireni pa ntchito.

Ndinakumbukira konkire uja pamwamba pa chumuni.

Tsopano wowerenga wa kwina angafunse kuti bwanji sindinangonena. Ndikupempha andimvetse. Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ake ngati mnzake wa pa bawo. Sukhala nawo mpando umodzi, sudya nawo mbale imodzi, ndipo suwauza kuti chimene akuchita sichitheka. Ukakhala ndi nkhani yovuta, umauza mkazi wako, iye auza amai ake, amai ake auza atate ake. Njira imeneyi ndi yabwino, yasunga mabanja ambiri. Vuto lake ndi lakuti aliyense amene nkhani yadutsa m'manja mwake amaisalaza pang'ono kuti isabaye wotsatira.

Ndipo woyamba kuisalaza ndinali ine. Ndinachita manyazi kuuza Ednah kuti ndinatseka chumuni chifukwa choopa mbalame. Tili m'minibasi pobwerera ndinangoti, "Chumuni chija mwina chifunika kuchiona bwino moto usanayatsidwe."

"Chili na vuto?"

"Sindikunena kuti chili ndi vuto. Ndikungoti kusamala n'kwabwino."

"Imwe na kusamala kwanu," anatero Ednah. Komabe anaimbira amai ake nati, "Atate a Peace akuda nkhawa na nkhani ya moto." Peace ndi mwana wathu. A Nelesi nawo anauza amuna awo kuti, "Apongozi afunsa ngati moto muzausamala bwino." Yankho linabwerera njira yomweyo, ndipo ilo lokha silinasalazidwe: "Muwauze aphunzitsi kuti pa shifiti yanga moto sunazimepo."

Lachitatu a Daka anatumizanso funso lawo, kudzera mwa akazi awo ndi mwana wawo: kodi chumuni chija chinamangidwa bwino? Ndinakhala ndi funsolo tsiku lonse. Ndinalakwitsa samu pa bolodi, ana a giredi naini nandikonza. Madzulo ndinayankha kuti chinamangidwa cholimba kwambiri. Sindinaname. Koma ndikamakumbukira yankho limenelo, makutu amanditentha mpaka lero.

Tsiku loyatsa linaikidwa Loweruka lomaliza, basi ya Lolemba isanafike. Ndinatsimikiza mtima kuti ndikanena ndekha, pakamwa. Ndinalemba mawu ake pa pepala kuti ndisasochere: ndime yoyamba kuthokoza chifukwa chondilandira m'banja, yachiwiri kukumbutsa za mvula ya chaka chomanga, yachitatu mileme, yachinayi ndiyo konkire. Ndinaika pepalalo m'thumba la jekete.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. A Daka anatilandira atavala ovolosi yawo yakale ya ku fakitale, yochapidwa ndi kusitidwa. Anali atayala malasha pa khonde la panja, akuluakulu mbali iyi, ang'onoang'ono mbali iyo, ndipo lero panalibe wowaletsa. A Nelesi anakhala pa sofa ndi bulangeti pa mawondo. Chikwama chawo chinali pafupi ndi chitseko, poonekera, kuti aliyense adziwe mmene zinthu zilili.

Ndinakhala pa mpando wa pakona, ndinaomba m'manja, tinalonjerana. Anafunsa za Peace, za ku sukulu, za amai anga ku Petauke, za mbuzi za amai anga. Zonsezi zitatha ndinatsokomola pang'ono ndi kuyamba.

"Atate, choyamba ndifuna kuthokoza chifukwa cha mmene munandilandirira m'banja lino..."

"Zikomo, apongozi, zikomo. Nafenso tithokoza. Nyumba iyi ni manja anu." Anali akuthyola nkhuni zing'onozing'ono. "Onani kuno muphunzire. Malasha awa si a pa mbaula, sayaka na pepala. Uyamba na nkhuni. Nkhuni zikagwira, uika ang'ono. Ang'ono akafiira, ndiye uitana akuluakulu."

"Inde atate. Chachiwiri, mwina mukumbukira kuti chaka chimene tinkamanga kunagwa mvula yambiri..."

"Yambiri! Amake Cecilia, machesi."

Ndinali ndisanafike ndi pa mileme pomwe machesi anakhwatchidwa.

Nkhuni zinagwira msanga. Utsi unakwera m'chumuni mwaulemu, ndipo kwa kamphindi ndinayamba kukhulupirira kuti mwina a Gilbert anaba simenti ija. Sindinayambe ndafunitsitsapo kuberedwa ngati tsiku limenelo. Koma a Gilbert anali munthu wokhulupirika. Utsi unafika pamwamba, unapeza potseka, nubwerera kudzatiuza.

Unayamba kutuluka pang'onopang'ono, kutsetsereka pa siling'i.

"Osadandaula," anafuula a Daka. "Chumuni chikazizira chimakana utsi. Chikatentha chizakoka." Anathira fosholo yoyamba ya malasha ang'ono.

Utsi wa malasha a miyala si wofanana ndi wina uliwonse. Ndi wachikasu, wolemera, ndipo umanunkha ngati mazira oola amene wina wawaotcha pamodzi ndi tayala. Unatsika kuchoka ku siling'i kufika pa makatani, kenaka pa mitu yathu. Ndipo apa ndi pamene ndimachita manyazi ndi tonsefe: palibe anaimirira. Ine sindikanatuluka apongozi ali chigwadire pa ntchito yawo. Ednah sakanatuluka kusiya mwamuna wake ndi makolo ake. Tinangokhala, manja pa mawondo, misozi ikuyenderera, aliyense akutsokomolera m'kati ngati ali m'tchalitchi.

"Kwayamba kufunda," anatero Ednah, mwana wabwino, mawu akutuluka ngati a chule.

"Chizakoka manje manje," anatero atate ake, koma mawu awo anali atatsika. Ndinawaona akupendeketsa mutu, kumvetsera moto ndi khutu lija.

A Nelesi ndi amene anatipulumutsa. Anachotsa bulangeti, naimirira msanga kuposa mmene anaimirirapo mwezi wonsewo.

"Inu a Daka! Nati nipite ku Luangwa nikaone mwana. Sininanene kuti muniwambe ngati nsomba ya ku Luangwa nisanapite!"

"Tulukani nonse," anatero a Daka. Sanafuule, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa kufuula. "Apongozi, mawindo onse. Ednah, gwira amai ako."

Ndinawaona tsiku limenelo ali pa ntchito yawo yeniyeni. Anamanga kansalu konyowa kukamwa, nayamba kutulutsa moto ndi fosholo, ulendo ndi ulendo, osagwetsa ndi khala limodzi pa matailosi. Anauthira m'wilibala panja naukwirira ndi mchenga. Atatha anakhala pa njerwa pafupi ndi khola, fosholo ili pakati pa miyendo. Utsi unkatuluka m'mawindo onse a nyumba, pakhomo, ngakhale m'kabowo ka ku bafa. Malo amodzi okha amene sunkatulukako ndi ku chumuni. A nyumba zoyandikana anali ataima pa mipanda yawo.

"Moto wazima pa shifiti yanga," anatero apongozi anga, osayang'ana munthu. "Nauzimitsa nekha." Kenaka anatembenukira kwa akazi awo. "Lolemba nizakuperekezani."

Sindinatulutse pepala lija. Ndinapita pamaso pawo, ndinagwada pa fumbi ndi thalauza langa la ku tchalitchi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayamba nkhani ndi ndime yachinayi.

"Atate, chumuni n'chotseka. Pamwamba pali konkire. Ndinalamula ndine."

Nkhuku imodzi inatsokomola. Sindikudziwa ngati nkhuku zimatsokomola, koma ndi mmene zinamvekera.

"Konkire," anatero a Daka.

"Inde atate. Ndi waya."

"Chifukwa?"

"Kadzidzi, atate."

Ednah anakhala pansi pomwepo nagwira mutu. "Imwe! Sabata yathunthu! Mumagona na ine nyumba imodzi!"

A Daka anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana nsapato zawo. Kenaka anati, "Apongozi, nikuuzeni. Tsiku loyamba nayatsa nyuzipepala m'menemo kuti niyese. Utsi unabwerera. Nayesanso mawa lake, unabwerera. Mtima unati kwera ukaone. Koma nati, nikakwera pa denga anthu azati mdala akufufuza ntchito ya mkamwini wake. Ndiye natuma funso. Yankho yabwera kuti ni cholimba. Nati basi, munthu wa digiri sangamange chumuni chopanda chibowo. Vuto ili na ine, nakalamba, naiwala moto."

Mawu omalizawo ndi amene anandilasa. Ndinali nditalola munthu kukayikira ntchito ya moyo wake wonse kuti ine ndisachite manyazi mphindi imodzi.

"Ndiye inu mumaopa iwo, iwo amaopa inu," anatero a Nelesi, akupukuta maso ndi chitenje. "Ise tifere pakati na ulemu wanu. Makatani anga muzachapa nonse awiri."

M'mawa mwake, titatuluka m'tchalitchi, ndinaimbira a Gilbert. Anati ali ku Solwezi, ndipo anaonjeza monyadira kuti konkire ameneyo sangasweke ndi munthu mmodzi. Ndinabwereka makwerero, nyundo yaikulu ndi tchizulo. Ndiyenera kunena kuti ine ndimaopa pamwamba. Ngakhale pa desiki sindikwera, mababu a m'kalasi amasintha ndi aphunzitsi anzanga. Ndinakwera ndi mawondo ndi zigongono, ndikukwawa pa malata ngati buluzi wodwala. A Daka anagwira makwerero. A Nelesi anatulutsa mpando nakhala padzuwa kuti aonerere bwino.

"Menyani pakati, apongozi!"

"Ndikumenya, atate!"

"Uko ni kugogoda, monga mufuna kulowa mu ofesi ya ahedi! Menyani!"

"Thumba lina la simenti lija anaonjeza ndani?" anafunsa Ednah ali pansi. Ndinali nditamuuza zonse, ndipo anali asanathe nane.

Zinanditengera maola atatu. Matuza anatuluka m'manja monse, ndipo chala chachikulu cha kumanzere chikadali chakuda pamene ndikulemba pano. Nthawi yonseyo ine ndi apongozi anga tinkafuulirana, iwo pansi ine pamwamba, mawu ambiri kuposa onse amene tinalankhulana m'zaka khumi ndi chimodzi. Pena ndinawayankha kuti, "Dikirani kaye, atate, mukundisokoneza!" Ndinadzidzimuka ndekha. Denga silinagwe. Iwo anangoti, "Chabwino."

Chidutswa chomaliza chitagwera m'kati, a Daka anathamangira m'nyumba. Ndili pamwamba pomwepo ndinamva kafungo ka nyuzipepala, kenaka utsi woyera unandipeza kumaso. Sindinayambe ndakondwerapo ndi utsi m'maso ngati nthawi imeneyo.

Anayatsanso dzuwa lisanalowe. Nkhuni, ang'ono, akuluakulu. Ulendo uno moto unalira mawu ena, otsika, ngati lole ikubwera patali. A Daka anapendeketsa mutu, natseka maso. "Uyu ndiye," anatero. Malasha anafiira, njerwa zinatentha, ndipo kutentha kunayamba kuyenda pabalaza mpaka pa mpando wanga wa pakona. Anaika malamulo pomwepo, mofuula: windo limodzi likhale lotsegula pang'ono nthawi zonse, moto uzimitsidwe anthu asanagone, ndipo fosholo asagwire wina aliyense. Panja anthu anaimanso pa mipanda, ulendo uno akuloza chumuni. Chinali choyamba m'dera lonselo kugwira ntchito imene chinamangidwira.

A Nelesi anakokera mpando pafupi. Anatambasula mwendo umodzi, kenaka winawo. Amuna awo ankangokonzakonza moto umene sunkafuna kukonzedwa, akuwaba ndi diso.

"Fungo iyi," anatero potsiriza, "nachapa mu maovolosi zaka twente-seveni. Nati yatha. Lero mwaibweretsa pa sofa."

"Izachepa, amake Cecilia."

"Siizachepa, niidziwa." Anasisita bondo. "Ednah, tenga chikwama icho upeleke ku chipinda. Anthu angapunthwe."

"Nimasule, amai?"

"Nati upeleke. Kumasula nizaona Lachitatu."

A Daka anagwada nayamba kufufuza china chake m'thumba la malasha, nkhope atalozetsa kukhoma. Anafufuza nthawi yaitali ndithu. Lolemba basi ya ku Luangwa inapita yopanda a Nelesi. Chikwama anamasula Lachisanu, kuti asaoneke ngati agonja msanga.

Makatani tinachapa awiri, ine ndi apongozi, mu bafa limodzi kuseri kwa nyumba. Pamwamba pa chumuni tinaika kachipewa ka lata ndi sefa ya waya, kotero kadzidzi alibe malo ndipo utsi uli ndi njira. A Gilbert akanatha kuchita zimenezi poyamba pomwe, ndikanangofunsa munthu wodziwa moto, amene anali pa mtunda wa foni imodzi. Tsopano a nyumba ziwiri zoyandikana aitana kale a Daka kuti akaone machumuni awo. Amapita atavala ovolosi, ndipo asanayatse kanthu amayamba atumiza mwini nyumba pa denga.

Ine ulemu sindisiya. Ndidzapitiriza kukhala pa mpando wa pakona ndi kuomba m'manja. Koma ndatsimikiza kuti nkhani imene ingavulaze munthu sindidzaitumanso kudzera m'makutu atatu, ndipo sindidzaiyamba ndi kuthokoza. Ndiyambira pafupi. Nsanja ya thanki la madzi kuseri kwa nyumba ija inamangidwanso ndi a Gilbert, ine ndikuyang'anira, ndipo kuyambira mvula yathayi ndaona kuti mwendo umodzi wayamba kulowa pansi, mbali ya ku khola la nkhuku. Ndayeza ndi tepi kanayi. Ednah sindimutuma. Loweruka ndikwera minibasi yoyamba, ndikalonjera, ndipo asanafunse za mbuzi za amai anga ndikati, "Atate, thanki likugwa."